Tindege tathu timatipangira ku Area 25

Bizinesi yathu ndi ya anthu atatu, m'chipinda chimodzi cha lendi ku Area 25 mu Lilongwe. Timajambula minda ndi ma drone, tindege touluka popanda munthu m'kati, timakonza a anthu ena akagwa, komanso timapanga athuathu. Ndalama zambiri zimabwera ndi kujambula minda. Koma chimene chatisunga mpaka lero ndi kupangako, ngakhale sitinagulitsepo kandege ngakhale kamodzi.

Ine ndinali wokonza mafoni. Za ndege zinandilowa kwathu ku Kasungu, kumene mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera ma drone, makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege. Makampani akunja ankabwera ndi zida zodula, ife n'kumangoonerera. Chaka chomwecho a ku yunivesite ya Virginia Tech anabweretsa EcoSoar, kandege ka mapiko kopangidwa ndi mabolodi a foam ndi tizigawo tosindikiza pa makina a 3D. Ophunzira a Chimalawi ndiwo anakalumikiza, ndipo kanauluka kokha makilomita 19 kuchoka pachipatala cha Gogode kukatera pabwalo la Kasungu. Nditamva kuti thupi lake ndi bolodi wamba, tulo tinandithawa.

Mnzanga amene ndinayamba naye anaphunzira ku African Drone and Data Academy, sukulu ya za ma drone imene inatsegulidwa mu Lilongwe mu 2020. Masamu ndi ake, kuwotcherera mawaya ndi kwanga. Mlongo wake amasunga mabuku ndi kulankhula ndi makasitomala, ndipo akati ndalama kulibe, ndiye kuti kulibedi.

Drone imene anthu amaiona pa maukwati, ya mapulopela anayi ija, imayandama chifukwa mota zake zikukankhira mpweya pansi osapuma. Batire lake limatha pa mphindi 20 kapena 30. Pa esiteti ya makadamiya kapena ya fodya, tsiku limathera kusintha mabatire. Ya mapiko ndi ina: mota imangoikokera kutsogolo, chonyamula kulemera konse ndi phiko, choncho batire lomwelo limatha kuisunga m'mwamba ola lathunthu. Vuto lake ndi potera. Imafuna malo osalala, pomwe minda yathu ndi mizere yokhayokha ndi zitsa. Ikatera ndi mimba pa mizere, kamera ndiyo imayamba kulira.

Akatswiri anapeza njira pophatikiza ziwirizi: ndege yonyamuka choimirira, ikafika m'mwamba n'kuuluka ndi mapiko. Wingcopter ya ku Germany imatembenuza mota zomwezo kuti ziloze kutsogolo. Swoop Aero ya ku Australia inaika mota zonyamulira pazokha, yokankhira kutsogolo payokhanso. Onsewa ananyamulapo mankhwala kuno ku Malawi. Ife tinatsata njira yachiwiri. Ndikudziwa kuti mota zinayi zimene zimangokhala chete paulendo wonse ndi katundu wongolemetsa, ndipo zimadya mphindi zathu. Koma kachipangizo kotembenuza mota kakafa uli ku Mchinji, ntchito yaima mwezi kudikira china. Mota yomangirira pa ndodo ndimaisintha pansi pa mtengo wa mango ndi sikuludiraiva.

Ndodozo ndi za carbon fibre, chipangizo chopepuka koma cholimba kwambiri, ndipo ina imadutsa mkati mwa phiko kuti lisapindike. Zinthu zamtundu umenewu ndi zimene zinapepukitsa ndege zikuluzikulu: theka la kulemera kwa thupi ndi mapiko a Boeing 787 ndi zosakaniza zotere, osati aluminiyamu. Ife timagula ndodo zonga chala, zina zonse ndi foam, guluu ndi tepi zopezeka m'tauni.

Chimene mapulani opangira tindege a pa intaneti sanena ndi mpweya wakuno. Lilongwe ali pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kukatentha mu Okutobala mpweya umapepuka kwambiri. Phiko limanyamula pang'ono, pulopela imagwira pang'ono, batire limatentha. Ndiye mapiko athu tinawatalikitsa, ndipo timauluka m'mamawa, dzuwa lisanayambe kukweza mafunde a mpweya wotentha pa minda yolimidwa. Makasitomala ena amafunsa chifukwa chake nsonga za mapiko athu sizinapindikire m'mwamba monga za ndege za pa Kamuzu. Nsonga zimenezo anazifufuza Richard Whitcomb wa ku NASA m'zaka za m'ma 1970, kuti zichepetse kamvuluvulu wa kunsonga amene amabweza ndege m'mbuyo. Kutalikitsa phiko kumachitanso zomwezo, kungoti ndege zazikulu zimapanikizika ndi malo oimikapo pabwalo. Ife malo tili nawo.

Ntchito imene sindipatsa wina ndi kuyesa pakati pa kulemera. Ndimanyamula kandege pa zala ziwiri pansi pa phiko, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kuchokera kumphepete yakutsogolo, n'kumasuntha batire mpaka mphuno itaweramira pansi pang'ono. Zili ngati kumanga thumba pa njinga ya kabaza: likakhala kumbuyo kwambiri, chiwongolero sichimvanso.

Zotipweteka ndi zogula kunja: mota, mabatire a lithium ndi kakompyuta koyendetsa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yathu yonse inasokonekera, ndipo mabatire ndi ovuta kale kutumiza pa ndege chifukwa amatha kuyaka. Mwamwayi, pulogalamu ya ArduPilot, imene imayendetsa tindege tathu, ndi yaulere. Chilolezo cha a zandege timatenga, ndipo kufupi ndi bwalo la ku Lumbadzi sitiulutsako n'komwe.

Timalipiritsa pa hekitala. Mwini esiteti amalandira mapu oonetsa pamene mbewu sizinamere, pamene madzi akudikha, ndi kukula kwenikweni kwa munda, kumene kawirikawiri kumasiyana ndi kumene iye ankakhulupirira. Alimi ang'onoang'ono timawalandira akabwera monga kalabu, chifukwa ulendo wa munda umodzi subweza ndalama ya mafuta. Panopa tikudula phiko loti lizigawika pawiri, kuti kandege konse kazilowa m'bokosi lokwera pa njinga yamoto. Minda imene ikutiitana nthawi ya dzinja ndi imene galimoto safikako.