Mapilitsi sakonza magazi alionse

Sabata ino ku family planning kwathu zinali za masiku onse, mzere wa jakisoni wa Depo kuyambira m'mawa, ochotsa Implanon ya pamkono, mapilitsi a Microlut kwa oyamwitsa. Mapilitsi olerera a Microgynon atsala pang'ono moti tikugawa kakadi kamodzikamodzi.

Koma za Lachitatu zikundiwawabe. Kunabwera mayi wina wa ku Chinsapo, zaka za m'ma 40, akuti "anesi ndangodzatenga mapilitsi, komwe ndimagula akweza mtengo." Kufunsitsa, iwo sakulera ayi, msambo wawo unasokonekera chaka chatha, magazi pakati pa mwezi, ndiye pa pharmacy ina anangowapatsa Microgynon ati iwongola. Osayeza BP, osafunsa za mutu waching'alang'ala, osafunsa chilichonse.

Inde mapilitsiwa amathandiza, mtsikana amene msambo ukubwera mwa apo ndi apo kapena amene Depo ikumutayitsa magazi timamupatsa ndithu, koma titamufunsa ndi kumuyeza kaye. Magazi obwera pa mapilitsi 7 abulauni omalizira pa kakadi aja sikuti thupi lachira, ndi mahomoni chabe asiya kulowa, chomwe chinayambitsa vuto chimakhala chili pompo.

Ndinati mayi, mukakhala malo amodzi ndi abambo magazi amatuluka? Anazolika, nkuti eya, pakhala nthawi. Makina athu a BP mabatire anatha kalekale, ndinachita kukabwereka ku maternity, BP yawo 165/100, yokwera kwambiri. Munthu wotereyu kumamwa Microgynon tsiku ndi tsiku, sitiroko ikanatha kuwagwetsa. Pa speculum, kachipangizo koonera khomo la chiberekero, sipanafunikenso viniga amene timapaka poyeza khansa, chotupa pa khomo la chiberekero chikuoneka ndi maso, kungokhudza pang'ono magazi. Ndinalemba referral ya ku Central manja akunjenjemera.

Chomwe chandikwiyitsa kwambiri chili m'kabuku kawo ka kuchipatala. Mayiyu anabwerapo kuno kudzayezetsa VIA, kuyeza khansa ya khomo la chiberekero ndi viniga kuja, anabwezedwa chifukwa magetsi anazima, autoclave yophera tizilombo pa zipangizo osagwira, ma speculum athu owerengeka aja onse akuda. Atabwezedwa ndiye anapita kukagula mapilitsi. Malawi ili m'gulu la mayiko omwe khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri padziko lonse, koma mabwana akabwera amangofuna ma register ndi malipoti a pamwezi, ukatchula mabatire ndi ma speculum amati tiona, chaka chikutha tikuonabe.

Lachisanu ndinawaimbira kuti ndimve ngati anapita. Sanapite, ya minibasi sinapezeke, akuti adikira abambo alandire kumapeto kwa mwezi. Ndawauza asiyiretu mapilitsi aja ndipo Lolemba m'mawa andipeze pa geti, ya thiransipoti tasonkherana ndi anzanga.