Kalata ija yafika, zikomo a Pulofesa

Abale ndi alongo, kalata ija yafika. University of Cape Town yanditenga kukachita Masters ya civil engineering, mbali ya madzi, ndipo mu February ndikhala ndili m'kalasi. Usiku wonse sindinagone. Ambuye, ndinu nokha.

Mmene zinthu zinalili chithereni ntchito ija mukudziwa, sindibwereza. Koma a Pulofesa amene anandiphunzitsa hydraulics, phunziro la kayendedwe ka madzi m'mapaipi ndi m'ngalande, ndiwathokoza pagulu, ngakhale sakonda kuti dzina lawo lizioneka pa Facebook. Bambo amenewa anakachita PhD kunja, anzawo n'kutsalira komweko, iwo n'kubwerera ku Blantyre kudzagwira choko. Mainjiniya ambiri amene mumawaona m'misewu atavala zipewa zoyera anadutsa m'manja mwawo.

Kulowa Masters ku South Africa si nkhani ya digiri ndi transcript zokha ayi. Digiri yakunja amaiyesa a SAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro ku Pretoria, kuti aone ngati ikufika pa level 8 ya NQF, muyezo wa maphunziro wa dzikolo, chifukwa Masters ili pa level 9. Pamafunikanso makalata a anthu okuchitira umboni, proposal, ndi lekichala wakomweko wovomera kukuyang'anira. Lekichala ameneyu anandipezera ndi a Pulofesa omwewo, atalembera mnzawo amene anaphunzira naye kalekale. Proposal yanga ndi ya ngalande za madzi amvula m'madera ngati Chilobwe, komwe namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi anthu mu March 2023. Inabwerako kwa a Pulofesa ili psuu ndi bolopeni yofiira. Pamwamba penipeni analembapo kuti chisoni si kafukufuku, ndinene chimene ndikufuna kukayeza, ndi chida chanji. Ndinatuluka mu ofesimo makutu akutentha, koma ndi proposal yomweyo imene yanditsegulira khomo.

Ndiye panali ndalama za SAQA, zolipira m'ma rand. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja mukudziwa mmene zikuvutira. A Pulofesa anatulutsa khadi lawo n'kulipira pa laputopu yawo ine ndili chiimire. Nditafunsa zobweza, anangondifunsa ngati ndakonza tsamba lachitatu.

Amayi, matumba a chimanga amene munagulitsa aja sanapite pachabe. Mayi a kunyumba, mwapirira mwamuna womangokhalira kuyang'ana imelo pakati pa usiku. Achimwene a pa internet cafe amene munkandisikanira mapepala pangongole, Mulungu akuonjezereni. A kwaya, mapemphero anu amveka. Enanu amene munkawerenga mauthenga anga pa WhatsApp n'kukhala duu, ndaona kuti lero mafoni anu achira. Zikomo nanunso.

Kwatsala study visa, kalata ya kupolisi ndi medical aid, choncho musasiye kundipempherera.

A Pulofesa, Lolemba ndikubwera ndi tambala wochokera kwa amayi. Akuti mukakananso ngati ulendo uja, abwera okha kudzamusiya pakhomo panu.