Masiku 150 a apilo ku America: khoti linawonjezera pomwe lamulo linalola

Pa 19 March 2020, mliri wa Covid-19 utayamba kutseketsa maofesi, khoti lalikulu kwambiri ku United States linalamula kuti wofuna kuti liunikenso chigamulo cha khoti laling'ono akhale ndi masiku 150 operekera pempho lake, m'malo mwa 90 a nthawi zonse.

Nambala ya 150 sinangotoledwa. Pa milandu yosakhala yaupandu, lamulo la nyumba ya malamulo ya dzikolo limapereka masiku 90, ndipo limalola jaji kuwonjezera ena osapitirira 60. Khoti linangopereka 60 onsewo kwa aliyense, osadikira kuti apemphe. Choncho loya amene ankati tsiku likayandikira akapempha ena, ankadzinamiza, chifukwa panalibenso pokatenga.

Kumeneko nthawi yoikidwa ndi lamulo sachita nayo chibwana. Pa mlandu wa mkaidi wina dzina lake Bowles, jaji analakwitsa n'kumupatsa masiku 17 ochitira apilo pomwe lamulo limati 14. Mkaidiyo anatsatira mawu a jajiyo, koma mu 2007 khoti lalikulu linati anachedwa basi. N'zowawa, ndipo ine sindiona chilungamo pamenepo, koma ndi mmene zilili.

Povuta kwambiri panali pomaliza. Pa 19 July 2021 khoti linachotsa mwayiwu, ndipo linayang'ana tsiku lomwe chigamulo chinaperekedwa, osati tsiku lopereka pempho. Amene anagonja mlandu Lachisanu pa 16 July anali ndi mpata mpaka pa 13 December. Mnzake wogonja Lolemba pa 19 July, masiku ake 90 anathera Lamlungu pa 17 October, ndiye anafunika kupereka pofika Lolemba pa 18. Wogonja pambuyo ndi amene nthawi inamuthera msanga, ndi miyezi pafupifupi iwiri.

Khoti likalengeza kuti lawonjezera nthawi, musadalire mutu wa nkhani wa pa Facebook. Pezani chikalata chenichenicho. Onani ngati chikukhudza mtundu wa pepala lomwe mukupereka, poti cha March 2020 sichinakhudze milandu yomwe khoti linali litavomera kale kuimva. Onaninso tsiku lomwe kuwerenga kukuyambira, ndipo m'buku la ofesi lembani madeti onse awiri, lakale ndi latsopano. Ngati mapepala akonzeka, kaperekeni pa deti lakalelo.