Kilwa Kisiwani, Kumene Njira ya ku Nkhotakota Inkalunjika

Ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo dzina lakuti Kilwa ndinalimva koyamba pakamwa pa agogo anga aakazi, amene ankalitchula motsitsa mawu ngati mmene munthu amatchulira kumanda. Kwa iwo Kilwa kunali kumalo kumene anthu ogwidwa ankapita osabwerako. Choncho tsiku limene ndinakwera boti ku Kilwa Masoko, kumwera kwa Tanzania, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Dar es Salaam, ndinali nditasenza mkwiyo umene ndinaulandira ngati chuma chamasiye. Ulendo wowoloka kupita pachilumba cha Kilwa Kisiwani ndi waufupi, moti munthu asanakhazikike bwino pathabwa amayamba kale kuona makoma akuluakulu atayima m'mphepete mwa madzi.

Makoma amenewo ndi a linga lotchedwa Gereza. Apwitikizi ndiwo anayamba kumanga linga pamalopa mu 1505, koma zambiri zimene zikuoneka lero zinamangidwanso ndi Aluya a ku Oman cha m'ma 1800. Lingali ndi limene alendo amakonda kujambula chifukwa lili pafupi ndi potsikira, komabe ine ndikuona kuti wofuna kumvetsa Kilwa asachedwe pamenepa, chifukwa Gereza ndi mwana wa dzulodzuloli poyerekeza ndi zimene zili kuseri kwake.

Anthu anayamba kukhala pachilumbachi cha m'zaka za m'ma 800. Buku lakale la mbiri ya mafumu a Kilwa limasimba kuti Ali bin al-Hasan, wochokera ku Shiraz m'dziko la Persia, anagula chilumbachi kwa mfumu ya m'deralo polipira nsalu zokwanira kuzunguliza chilumba chonse. Imeneyo ndi nthano ya banja lachifumu, ndipo zimene akatswiri anafukula pansi, kuyambira ndi ntchito ya Neville Chittick pakati pa 1958 ndi 1965, zikusonyeza mzinda wa Aswahili, anthu a m'gombe lomweli amene analandira Chisilamu ndi kukwatirana ndi amalonda a kutsidya kwa nyanja. Chimene chinakweza Kilwa ndi mphepo. Monga asodzi a kwathu amadziwira nyengo ya mpoto ndi ya mwera, amalinyero a kumeneko ankadalira kaskazi yowabweretsa kuchokera ku Arabia ndi India, ndi kusi yowabwezera kwawo, ndipo Kilwa linali doko lakumwera kwenikweni limene chombo cha matanga chinkatha kufikako ndi kubwerera mphepo isanatembenuke. Golide wa ku Great Zimbabwe ankatsikira kudoko la Sofala, m'dziko limene lero ndi Mozambique, kenaka n'kudzera m'manja mwa mafumu a Kilwa asanawoloke nyanja. Mafumuwo ankasula ndalama zawozawo zamkuwa, ndipo imodzi mwa ndalamazo inapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe momwemo.

Mzikiti Waukulu ndi umene unandigwira mtima. Chigawo chake choyamba chinamangidwa zaka za m'ma 1200 zisanafike, ndipo anaukuza m'zaka za m'ma 1300. Nditavula nsapato n'kulowa, ndinapeza mizati itandanda mizeremizere, pamwamba pake pali denga la miyala lopindika ngati miphika yovundikira, ndipo ngakhale kunja dzuwa linali likuswa mtengo, mkatimo munali mozizira bwino. Ndinaika dzanja pakhoma pamene pulasitala anakanganuka, ndipo mwala wake unali wokhakhala, wa timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi. Ndi mwala womera pansi pa nyanja, umene amisiri ankaudula ukadali wofewa n'kuusema, ndipo wina ankauwotcha kuti apeze laimu womangira. Ndinakhala pansi nthawi yaitali ndikuyang'ana dengalo, ndikulingalira za manja amene analikweza popanda simenti kapena chitsulo, ndipo linakhalabe chilili zaka mazana ambiri.

Kuchokera pamenepo munthu amayenda kanjira kodutsa m'minda ndi pansi pa milambe mpaka kufika ku Husuni Kubwa, nyumba yachifumu imene Sultan al-Hasan bin Sulaiman anamanga pamwamba pa phedi loyang'ana kunyanja. Inali ndi zipinda zoposa 100, bwalo lolandirirapo alendo lokhala ndi masitepe okhalapo anthu, mosungira katundu wamalonda, ndiponso dziwe losambiramo la mbali 8 limene mpaka lero likuoneka bwino lomwe. Mfumu imeneyi ndi imene Ibn Battuta, mlendo wotchuka wa ku Morocco, anaipeza atafika ku Kilwa mu 1331. Iye analemba kuti mzindawu unali umodzi mwa mizinda yokongola ndi yomangidwa bwino kwambiri, ndiponso kuti mfumuyo inkatchedwa Abu al-Mawahib, kutanthauza tate wa mphatso, chifukwa cha kuwolowa manja kwake. Chomvetsa chisoni n'chakuti nyumbayi sinakhalidwe nthawi yaitali, ndipo mafumu otsatira anaisiya kuti igwe yokha.

Mu 1502 Vasco da Gama anakakamiza mfumu ya Kilwa kupereka msonkho wa golide, ndipo golide ameneyo anakasulira chiwiya cha m'tchalitchi chotchedwa Custódia de Belém, chimene chikusungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ku Lisbon. Patapita zaka zitatu Francisco de Almeida analanda mzindawu n'kuufunkha, ndipo ngakhale Apwitikizi anachokapo mu 1512, malonda a golide anali atasokonekera kale. Cha m'ma 1580 kunabweranso gulu la ankhondo lotchedwa Azimba, limene linawolokera pachilumbachi madzi ataphwa n'kupha anthu ochuluka. Olemba mbiri ena amati Azimbawo anachokera m'chigwa cha Zambezi ndi Shire, m'dera la Lundu, mfumu ya Amaravi, ndipo nditakumbukira zimenezi ndili chiyimire pagombe lomwelo, mkwiyo wanga unayamba kusowa pogwira.

Komabe zimene agogo ankanena n'zoona, kungoti zinachitika mochedwerapo. Mu 1776 wamalonda wa ku France, Jean-Vincent Morice, anapangana ndi mfumu ya Kilwa kuti izimugulitsa akapolo 1,000 chaka chilichonse, okagwira ntchito m'minda ya pachilumba chimene lero ndi Mauritius. Chuma cha nyengo imeneyo ndicho chinamanga Makutani, nyumba yachifumu ya mpanda wautali imene ili kumadzulo kwa Mzikiti Waukulu. Mmenemo sindinathe kukhalamo nthawi yaitali. Mzikiti ndi Husuni Kubwa zinakwezedwa makamaka ndi golide, pamene makoma a Makutani ndinkawaona ngati omangidwa ndi mtengo wa anthu, ndipo ndikukhulupirira kuti mlendo wa kwathu ayenera kusiyanitsa ziwirizi kuti asade zonse pamodzi kapena kusirira zonse pamodzi.

M'zaka za m'ma 1800 malondawo anasamukira kumtunda, ku Kilwa Kivinje, ndipo uko ndiye kumene njira ya kwathu inkathera. Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, anthu ogwidwa ankawolotsedwa nyanja yathu pa zombo, kenaka n'kuyenda pansi miyezi itatu kapena inayi atasenza minyanga ya njovu, ena ali m'magoli. M'zaka za m'ma 1860 anthu pafupifupi 20,000 ankatumizidwa kuchokera padoko la Kivinje chaka chilichonse, ambiri kupita kumsika wa ku Zanzibar.

Bungwe la UNESCO linaika mabwinja a Kilwa Kisiwani pamodzi ndi a chilumba choyandikana cha Songo Mnara pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1981, ndipo kuyambira 2004 mpaka 2014 anali m'gulu la malo amene ali pangozi chifukwa mafunde ndi mizu ya mitengo zinkagumula makoma. Pachilumbapo anthu akukhalabe, akusodza ndi kulima pakati pa mabwinjawo, ndipo ana amathamangitsa mbuzi pafupi ndi manda a mafumu.

M'mawa mwake ndinapita ku Kivinje. Madzi anali ataphwa, zombo zitagona chammbali m'matope, ndipo asodzi ankasoka maukonde pafupi ndi nyumba yakale ya boma imene Ajeremani anasiya. Ndinayima pamenepo nditafulatira nyanja, maso ali kumadzulo kumene anthu athu ankatulukira, kenaka ndinaimbira foni mayi anga ku Nkhotakota kuwauza kumene ndinali. Anakhala chete kanthawi, kenaka anandifunsa kuti, "Nanga ubwerako liti, mwanawe?"