Kutera pa Kasungu popanda wotiuza

Lachiwiri. Tanyamuka pa ndege ku Lumbadzi dzuwa litakwera kale, ine mpando wakumanzere, aphunzitsi anga wakumanja. Pa Kamuzu International Airport umangomvera anthu a pansanja yolondolera ndege: dikira, lowa, nyamuka. Pa Kasungu mawu amenewo kulibe. Wosankha mbali yoterera ndiwe, woonetsetsa kuti mnzako sali pafupi ndiwenso.

Phiri la Kasungu litangotulukira m'chiutsi cha Okutobala, ndinalengeza pa wailesi nambala ya ndege yathu, pomwe tili, msinkhu womwe tikuuluka ndi zomwe tikufuna kuchita. Kunali zii. Aphunzitsi anati, "Mwana wanga, wailesi ikapanda kuyankha usamati kumwamba kulibe munthu. Wina wailesi yake yafa, wina watchera kolakwika. Maso panja."

Ndege zokonzekera kutera zimazungulira bwalo pa mafiti 1,000 kuchokera pansi, zikukhotera kumanzere, mbali yomwe woyendetsa amakhala. Ndiye tinadutsa pamwamba pa msinkhu umenewo kuti tione kaye. Chithumba chosonyeza mphepo chinkangodzuka n'kugwanso, osanena zomveka. Chomwe chinatithandiza ndi utsi wa m'minda momwe anthu akusosa. Paliponse unkapendekera kumadzulo, kusonyeza kuti mphepo ikuchokera kum'mawa, ndipo ife tiyenera kutera titayang'ana komweko.

Nkhani ya mphepoyi ine sindiitenga mwachibwana. Ukatera moyang'anizana nayo, matayala amagunda pansi liwiro lili lochepa ndipo suchedwa kuima. Ikakhala kumsana imakukankha, msewu wa ndege umatha uku ukuona. Kuno ndi kumtunda, mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kukatentha chonchi mpweya umapepuka, ndege imafuna msewu wautali kuposa m'mawa wa mu Juni. Manambala olembedwa kumapeto kwa msewu wa ndege amatsatira kampasi: 09 ndi kum'mawa, 27 ndi kumadzulo, ndipo nsonga ziwirizo zimasiyana ndi 18 nthawi zonse.

Pokhota paliponse ndinkalengeza, kenako n'kuyang'ana kumanja komanso pansi pa phiko. Lamulo limati ndege ziwiri zikamatsikira limodzi, yomwe ili m'munsi iyambe ndiyo, koma isalowerere mnzake kutsogolo. Lamulolo lilibe ntchito ngati mnzakoyo sunamuone.

Ndege ina sitinaione lero. Tatsala pang'ono kugunda pansi, bambo wina anatulukira m'mbali akukankha njinga, matumba awiri a makala atamangidwa ndi mphira pakaliyala, mutu ali zyoli. Sanatimve, poti mphepo inkatengera phokoso lathu kumbuyo. Ndinakankha mafuta onse, ndege inadzuka, tinakazunguliranso. Podutsa ndinaona nkhope yawo atatukula maso, chipewa chili m'manja. Mtima unandiwawa. Kwa iwo imeneyo ndi njira yachidule yopita kumsika, ndipo ndege imabwera mwa apo ndi apo. Ndani anawafotokozerapo kuti ndege ilibe hutala?

Kachiwiri tinatera bwinobwino.

Mawa tikupita ku Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu, komwe anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022. Aphunzitsi anena kale kuti kumeneko tikayamba tadutsa chapansipansi kuona ngati nyama zili pamsewu, ndipo tinyamuke 6 koloko kusanatenthe.