Manyowa ochokera kukhitchini kwanga

Chikwerereni mtengo wa feteleza, ndakhala ndikudzipangira ndekha manyowa othira m'kadimba kanga ka kuseri kwa nyumba. Ndimaduladula makoko a nthochi, omwe amakhala ndi potaziyamu, n'kuwasakaniza ndi gaga, zitosi za nkhuku ndi phulusa pang'ono, kenaka ndimawaza madzi ongokwanira kunyowetsa zonsezo. Ndikatero ndimaziika m'thumba n'kuzisiya pamthunzi kwa milungu itatu kapena kuposerapo, ndipo ndimazitembenuza mwa apo ndi apo kuti ziwolerane bwino.

Phulusa ndiye lofunika kusamala nalo kwambiri, chifukwa chaka chatha ndinalichulutsa ndipo mbande zanga za tomato zinafota. Zitosi zaziwisi nazonso zimawotcha mizu, motero sindithira manyowawa pambewu akadali otentha m'thumbamo.