Funso limene linandisinthitsa kaphunzitsidwe

Kwa zaka zingapo phunziro la mbiri ya America ndinkaliyamba ndi mapu aja opakidwa mitundumitundu. Pakati pali chigawo chachikulu cha Louisiana, chimene pulezidenti Thomas Jefferson anagula kwa Napoleon, wolamulira wa France, mu 1803 pa madola 15 miliyoni. Kumadzulo kuli California ndi madera ena amene Mexico inalandidwa nkhondo yake ndi America itatha mu 1848. Ana ankaloweza zakazi bwinobwino, mayeso n'kukhoza, ine n'kumadziona ngati katakwe.

Tsiku lina mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, Napoleonyo pogulitsa malowo, anthu amene ankakhalapo anawafunsa?" Ndinangoti kukamwa yasa.

Chichokereni tsiku limenelo ndimayambira kwa a Cherokee, mtundu wina wa eni nthaka a ku America. Ndimawasankha dala, chifukwa anthuwa anachita zonse zimene azungu ankati munthu wotukuka amachita. Cha m'ma 1821 mmodzi wa iwo, Sequoyah, anamaliza kupanga zilembo za chilankhulo chawo. Mu 1827 a Cherokee analemba malamulo oyendetsera mtundu wawo, chaka chotsatira n'kuyamba kusindikiza nyuzipepala yawoyawo, Cherokee Phoenix. Koma m'dera lawo ku Georgia munapezeka golide, zinthu n'kutembenuka. Mu 1830 pulezidenti Andrew Jackson anasaina lamulo losamutsira eni nthaka kutsidya la mtsinje wa Mississippi.

Pano m'kalasi mumati zii. A Cherokee sanathamangire mfuti, anadalira makhoti. Mu 1832, pa mlandu wa Worcester v. Georgia, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti malamulo a Georgia alibe mphamvu pa malo awo. Chigamulocho chinangothera papepala. Kenaka mu 1835 kagulu kochepa, kopanda chilolezo cha mtundu wonse, kanasaina pangano ndi boma la America ku New Echota, likulu la a Cherokee, lopereka malo onse pa madola 5 miliyoni. Mtsogoleri wawo John Ross anasonkhanitsa maina a anthu oposa 15,000 okana panganolo, koma boma silinawamvere. Nyumba ya malamulo ya Senate inali italivomereza kale, ndipo linadutsa ndi voti imodzi yokha. Imodzi! Ndikafika apa ndimaima kaye kuti ana aimeze bwino.

Mu 1838 asilikali a boma, motsogozedwa ndi Winfield Scott, anayamba kutulutsa mabanja m'nyumba zawo n'kuwatsekera m'misasa. Ambiri anayenda pansi m'nyengo ya chisanu kupita kudera limene lero ndi Oklahoma. Mwa anthu pafupifupi 16,000, akuti okwana 4,000 anafera m'misasamo ndi m'njira, chifukwa cha matenda, njala ndi kuzizira. Ulendowu umatchedwa Trail of Tears, kunena kuti njira ya misozi.

Za golide wa ku California, maekala 160 amene lamulo la Homestead Act la 1862 linkapatsa atsamunda ndi njanji imene inalumikizana ku Utah mu 1869, timaphunzirabe, mayeso amazifuna. Koma mapu aja ndimawatulutsa sabata yachiwiri, ndipo ndikaloza mtundu uliwonse ana amayamba okha kufunsa kuti kunkakhala ndani.